Wesnoth sibera munthu, koma ili ndi milandu ina yoti iyankhe

Anyamata ambiri a pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula akamva zoti gemu, amaganiza za mpira wa pa PlayStation, uja wolipira kuti ukhale pa benchi kwa mphindi zingapo anzako akukuwa kumbuyo. Ena amaganiza za magemu owomberana a pa foni, ofuna bandulo ndi netiweki yosadukiza. Sindikunyoza zimenezo. Koma lero ndikufuna kuikira kumbuyo gemu ya mtundu wina, yosadalira kuthamanga kwa zala, yotchedwa The Battle for Wesnoth. Mlandu umene anthu amaiimba kwambiri, woti imabera wosewera, ndi wabodza. Milandu yake yeniyeni ilipo, ndipo ina ndi yaikulu, koma imeneyo ndi imene anthu satchula kawirikawiri.

Wesnoth anaiyamba ndi David White mu 2003, atatengera nzeru pa magemu akale a pa Sega otchedwa Master of Monsters ndi Warsong. Mpaka lero imakonzedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Pa kompyuta ndi yaulere, ndipo layisensi yake ya GPL imalola kuti umukopere mnzako pa flashi popanda kuphwanya lamulo lililonse. Ndi pachibale ndi Fire Emblem, yomwe Nintendo anatulutsa ku Japan mu 1990, komanso Final Fantasy Tactics ya mu 1997. Mapu ake anagawidwa m'timabokosi ta mbali 6. Iwe umakhala ndi mtsogoleri mu linga, umakhala ndi golide, ndipo ndi golideyo umalemba asilikali. Umasuntha aliyense pomwe ukufuna, kumenya amene ukufuna kumenya, ukatha umadina batani kuti ulendo wako watha. Kenako mdani nayenso amasuntha ake. Ukamasewera wekha palibe wotchi yokuthamangitsa.

Kwa ife a kuchigwa kuno, kusowa kwa wotchi kumeneku n'kofunika kuposa momwe munthu wa ku London angaganizire. Tonse tikukumbukira mdima umene unagwa namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ngakhale m'masiku abwino, magetsi kuno si chinthu choti munthu n'kulumbirira. Wesnoth imadzisevera yokha ulendo uliwonse, ndiye batire ikatha pakati pa nkhondo, mawa umapeza asilikali ako ataima pomwe unawasiya. Sifuna intaneti ukangoiika mu kompyuta. Zithunzi zake ndi zojambula zosalemera, moti laputopu yakale yogula kwa munthu imaiyendetsa bwino ngakhale mu October, pamene kutentha kwa pa Ngabu kumadutsa madigiri 40 ndipo magemu olemera amangopangitsa makina kuzima okha. Anthu awiri angathenso kumenyana pa laputopu imodzi, kumangopatsana mawusi.

Koma zimenezi zikanakhala zopanda pake gemuyo ikanakhala yosakoma. Kukoma kwake kuli pa nthaka ndi pa dzuwa.

Msilikali wa mkondo akaima pa udzu, mwayi woti mdani amulase ndi 60 pa 100. Akakwera chitunda umatsika kufika 50, akalowa m'mudzi kapena mu linga umafika 40. Koma akaima m'madzi osaya kapena m'matope umakwera kufika 80. Woponya mivi wa mtundu wa ma elf, anthu a m'nthano a kunkhalango, akabisala m'nkhalango amalasidwa ka 30 kokha pa 100, chimodzimodzi ma dwarf, anthu afupiafupi a m'nthano, akakwera phiri. Ndiye mtsinje wa pa mapu suli pamenepo kuti ukongoletse. Wosewera wanzeru sawoloka kukakumana ndi mdani. Amaimika anthu ake pa mtunda wa tsidya lino n'kudikira kuti mdaniyo alowe yekha m'madzi. Msilikali yemweyo, wa mtengo womwewo wa golide 14, akhoza kukhala khoma kapena nyama yongophedwa malinga ndi kabokosi kamene wamuimikapo.

Dzuwa nalo limayenda. Tsiku limodzi limatenga maulendo 6: mbandakucha, m'mawa, masana, chisisira, ndi usiku kawiri. Asilikali a anthu amamenya ndi mphamvu yoonjezera 25 pa 100 kukawala, ndipo amachepa mphamvu ndi mlingo womwewo kukada. Ma orc, zilombo za m'nthano zooneka ngati anthu, ndi gulu la akufa oyenda ndi osiyana nawo: usiku ndiye wawo. Ma elf ndi ma dwarf sasamala za nthawi. Kalamulo kakang'ono kameneka ndiko kamapatsa nkhondo mpweya. Chisisira chikafika umabwerera m'mbuyo, kusiya midzi ina imene unaivutikira, kuika ovulala kumbuyo kwa amphamvu, n'kupirira usiku wonse. Kukacha umabwerera ndi mkwiyo wonse. Ndi magemu ochepa amene amaphunzitsa mwana wa zaka 15 kuti kubwerera m'mbuyo nthawi zina ndi gawo la kupambana, ndipo iyi imaphunzitsa zimenezo popanda kulalikira. Ukakakamira kutsogolo usiku, umangoona anthu ako akutha.

Pamwamba pa izo pali zida. Mkondo umapweteka kwambiri okwera pa akavalo. Mafupa oyenda aja samva lupanga kapena muvi kwenikweni, amafuna nyundo kapena moto. Wa pa kavalo wothamanga ndi nthungo amamenya mowirikiza kawiri, koma nayenso akabwezeredwa amalandira mowirikiza kawiri. Palibe msilikali woposa onse, ndipo n'chifukwa chake sungangolemba mtundu umodzi n'kumaliza gemu.

Chimene chimagwira mtima ndi chakuti asilikaliwa si ziwerengero chabe. Aliyense amabwera ndi dzina lake ndi chibadwa chake: wina wamphamvu, wina wothamanga, wina wanzeru wokula msanga, wina wolimba thupi. Akamamenya nkhondo amasonkhanitsa luso, ndipo kupha mdani wa levulo yoyamba kumampatsa mapointi 8. Akakwanitsa amakwera n'kusanduka msilikali wina wamkulu, ndipo pa nkhondo yotsatira umatha kumuitananso ndi golide 20. Akafa, wafa basi, sabwereranso. Ndiye umapezeka ukukonza kuti mdani afooketsedwe ndi akuluakulu koma womalizitsa akhale kamnyamata kako katsopano, kuti nako kakule. Umapezeka ukubweza wovulala kumudzi, komwe amachira mapointi 8 pa ulendo, ngakhale kutsogolo kukufunika anthu. Amene anakulira pa bawo pansi pa mtengo wa nimu akudziwa kukoma kwa kukhala chete, kuwerenga maenje ndi maso usanagwire nkhomo. Wesnoth ili ndi kukoma komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti pa bawo ukawerenga bwino zimachitika momwe wawerengera, pomwe kuno ukhoza kuwerenga bwino koma muvi n'kuphonya.

Apa ndi pamene pali mkangano.

Mwana wa achemwali anga, wa Fomu 3, tsiku lina anakankha laputopu n'kudzuka pa mkeka. "Amalume, gemu yanuyi ndi yakuba. Inalemba 70, ndiye zatheka bwanji?" Ndinamuuza kuti akhale pansi tione limodzi. Anali ndi msilikali wamatsenga, amene amamutcha mage, yemwe anatsala pang'ono kukwera n'kukhala wochiritsa anzake. Patsogolo pake panali orc wotsala ndi mapointi 20 a moyo. Kunali chisisira. Mage amaponya moto katatu, kuponya kulikonse kumachotsa 7, ndipo matsenga amalasa ka 70 pa 100 kulikonse komwe mdani waima. Mwanayo anaona 70 n'kumutulutsa mage pa mzere, kumuimika pa udzu poyera kuti amalize orc uja. Moto unalasa kawiri, kachitatu n'kuphonya. Orc anatsala ndi 6, anzake anabwera, ndipo mage wa mapointi 24 okha sanaone usiku.

Ndinamupatsa pensulo. Kuti orc afe, panafunika kulasa katatu konse. Ndiye 0.7 kuchulukitsa ndi 0.7, kuchulukitsanso ndi 0.7, yankho ndi 0.343. Mwayi wake sunali 70 pa 100 ayi, unali 34. Anaika msilikali wake wofunika kwambiri pa ngozi podalira chinthu chimene chimalephereka kawiri pa katatu kalikonse. Ndipo gemu sinamubisire, chifukwa usanamenye pali batani loonetsa masamu onsewa: mwayi woti mdani afe, mwayi woti atsale ndi zingati, mwayi woti iweyo uvulale. Anayang'ana pepala lija kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye ndikanayamba ndi wa mkondo uja, amalume, kuti mage angofunika kulasa kamodzi." Akanatero, mwayi woti moto uphonye katatu konse ndi 27 pa 1,000.

N'chifukwa chake ndimakana ndikamva anthu akuti mwayi ndiye chilema cha gemu imeneyi. Mwayi ndiwo mutu wake. Funso limene imakufunsa ulendo uliwonse si lakuti "zikayenda bwino ndipeza chiyani," koma lakuti "zikakanika nditsala pati." Wosewera wabwino amayamba ndi kumenya kumene kulibe ngozi, amasiya msilikali wina woti adzatseke mpata zikavuta, ndipo saika mtsogoleri wake pomwe angafe ngakhale mwayi wake utakhala 5 pa 100, popeza mtsogoleri akafa nkhondo yonse yatha.

Ndikudziwa kuti makolo ena amva zimenezi n'kunena kuti ndi juga yomweyo yovala malaya ena. Nkhawayo ndikuimvetsa, chifukwa tonse tikuona momwe kubetcha pa mpira kudzera pa foni kwalowera m'matumba a achinyamata athu, ngakhale amene ndalama yawo ndi ya ganyu wa m'minda ya nzimbe kapena ya kabaza. Koma taganizirani zimene mnyamata amachita akamasanja matimu asanu pa tikiti imodzi chifukwa iliyonse "ndi yowina kale." Akulakwitsa masamu omwe aja amene analakwitsa mwana wa achemwali anga. Ngati timu iliyonse ili ndi mwayi wa 70 pa 100, mwayi woti onse asanu awine sufika ndi 17 komwe. Wesnoth imamuonetsa mwana masamu amenewa poyera, imamupweteka nawo mtima, ndipo sichotsa ngakhale tambala m'thumba mwake. Ine ndingakonde aphunzire phunziro limenelo potaya mage kusiyana ndi potaya ndalama ya fizi.

Tsopano milandu yeniyeni.

Woyamba ndi waukulu kwambiri, ndipo umandikwiyitsa. M'nkhani zazitali, monga Heir to the Throne ya Konrad ndi Delfador yomwe ili ndi nkhondo zoposa 20, gawo la golide amene watsala naye limapita ku nkhondo yotsatira, pamodzi ndi asilikali ako okhwima. Maganizowo ndi abwino. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu akhoza kupambana nkhondo yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi movutikira, gemu n'kumuyamikira kuti wapambana, osadziwa kuti wadzikumbira dzenje. Amadzazindikira patapita masabata, atafika pa nkhondo imene singatheke popanda asilikali a levulo 3 ndi ochiritsa awiri, iye ali ndi ana okhaokha ndi golide wochepa. Palibe chimene chinamuchenjeza. Njira yokhayo ndi kubwerera m'mbuyo nkhondo zingapo, kapena kuyambiranso. Gemu imene imakuonetsa moona mtima chonchi masamu a muvi umodzi siyenera kukubisira masamu a ulendo wonse. Ndipo zimapitanso mbali inayo: amene wayamba bwino amangolemerabe, mpaka nkhondo zakumapeto zimasanduka zongoyendamo. Anthu ambiri amene ndawaona akusiya Wesnoth anasiyira pa khoma limeneli, ngakhale iwo ankati asiya chifukwa cha mwayi.

Wachiwiri ndi mdani wa kompyuta. Alibe nzeru zambiri. Akaona msilikali wofooka amathamangira osasamala kuti akuima m'madzi kapena kuti kukucha. Ukamudziwa umangomuikira nyambo. Okonza nkhani amadziwa zimenezi, ndiye pofuna kuti nkhondo ivute amangomuonjezera golide ndi kukuchepetsera maulendo. Umalimbana ndi chigulu, osati ndi mutu. Ndipo chigulucho chikamasuntha mmodzimmodzi pa mapu aakulu, umakhala ukungoyang'ana batire ikutsika. Kukoma kwenikweni kwa malamulo a gemuyi kumaoneka ukamenyana ndi munthu mnzako, amene amadziwa kudikira.

Wachitatu uli pakati pa gemu ndi wosewera. Kuseva kuja kumene ndakuyamikira kumatsegulanso khomo lina: muvi ukaphonya, munthu amangobwerera pomwe inasevera n'kuponyanso, mpaka zitamuyendera. Akazolowera, zonse ndanena za kukonzekera zovuta zimafa, ndipo sewero limasanduka ntchito yotopetsa. M'Wesnoth ya zaka zaposachedwapa anaikamo njira yoti ukaisankha poyamba nkhani, kubwerera sikusintha zotsatira. Imeneyo ndi imene ndimauza aliyense woyamba kuti asankhe, ndipo ndikanakonda ikanakhala yosankhidwiratu.

Wachinayi ndi nkhani ya matsenga ndi akufa oyenda. Makolo opemphera akaona mafupa akuyenda pa sikirini adzafunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Ndi nthano, ndipo m'nkhani zambiri amenewa ndi adani amene ukulimbana nawo, koma ndi bwino kholo likhale pansi liwone lokha m'malo momva kwa anthu. Chimene chimandivuta ine m'nthanozi n'china: nthawi zambiri mtundu wonse umakhala woipa chibadwire, ma orc ankhanza, ma elf olemekezeka, ndipo vuto la dziko limatha mwana wa magazi achifumu akakhala pa mpando. Pali nkhani zimene zimayesa kupyola pamenepo, monga Son of the Black Eye yomwe umasewera uli mbali ya ma orc, ndi Descent into Darkness ya mnyamata amene amawonongeka pofuna kuteteza mudzi wake. Koma nkhani zimene woyamba amakumana nazo ndi zosazama, ndipo anthu ake amalankhula ngati akuwerenga chikalata.

Mlandu womaliza ndi umene umatikhudza ife kwambiri. Gemuyi anaipangira kompyuta yokhala ndi mawusi ndi sikirini yotambasuka, pomwe kuno chimene achinyamata ambiri ali nacho m'manja ndi foni. Ku East Bank, ku Makhanga kapena ku Muona, laputopu ili ndi aphunzitsi, azaumoyo ndi anthu ochepa a m'mabungwe. Ndipo ngakhale mwana apeze laputopuyo, amakumana ndi Chingerezi chambiri, china chachikale, chofotokoza malamulo amene sangawadumphe. Wesnoth inamasuliridwa m'Chijeremani, Chifalansa, Chitaliyana ndi zinenero zina zambiri, koma m'Chichewa kapena m'Chisena mulibe. Mwana amene akanaimvetsa msanga kuposa ine, chifukwa mutu wake ndi wakuthwa pa masamu, amagwa pa chiganizo choyamba cha maphunziro oyambira.

Koma mlandu umenewu sindingauike wonse pa David White ndi anzake, chifukwa khomo analisiya lotsegula. Zomasulira zonse zija anazichita ndi anthu wamba ongodzipereka, ndipo mafayilo ake aliyense angawatenge. Gemuyo imabwera ndi chida chojambulira mapu, komanso chinenero chake cholembera nkhani chotchedwa WML, chomwe mwana wa sekondale wokonda kompyuta angachiphunzire. Chigwa chathu chili ndi zonse zimene malamulo a Wesnoth amafuna: Shire wogawa dziko pakati, madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, mapiri a Thyolo ali kum'mawa, Ruo akukumana ndi Shire pa Chiromo. Mbiri nayo ilipo, ya ufumu wa Lundu, ya Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika kuno monga mafumu, ya nkhondo za ogula akapolo ndi njala ya mu 1862 ndi 1863. Zina mwa izo n'zopweteka ndipo zidzukulu za anthu ake zilipo, ndiye wolemba ayenera kuyamba wafunsa akuluakulu. Za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ine sindingaziike m'gemu n'komwe. Koma nkhani yopeka ya mudzi wa m'mbali mwa Shire woteteza nkhokwe zake, yolankhulidwa m'chinenero chathu, palibe chingailetse.

Aphunzitsi a kompyuta ndi a masamu m'masekondale a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi amene ndikuwayang'ana. Simukufunika kumasulira gemu yonse. Yambani ndi maphunziro oyambira aja ndi mawu a pa mabatani, kuti mwana adziwe chimene nambala ya pa kabokosi ikutanthauza ndi komwe kuli batani la masamu. Mukatero tengani A Tale of Two Brothers, yomwe ili ndi nkhondo zinayi zokha ndipo ndi yaifupi moti dzenje la golide lija silikhala ndi nthawi yokula. Ntchito imeneyo kalabu ya ana asukulu ochepa ndi mphunzitsi mmodzi angaiyambe pa holide ikubwerayi, ndi laputopu imodzi ndi flashi.